Musam'patse Kautu Bwato

Logan, Brisbane
4 Febuluwale

Achemwali Rotiita,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko. Kuno tilipo, ine ndi mlamu wanu Tiebane, kungoti dzuwa lanyanya moti anthu akakwera basi yanga amangoti zii ngati nsomba zoyanika. Ndayesa kuimba kwa milungu itatu, kenako ndamva kwa anthu ochokera kulikulu ku Tarawa kuti nsanja ya mafoni ya pachilumba pathu inafanso. Ndiye ndagwira cholembera ngati kale.

Mundiuze za kumudzi. Bondo lanu lija lili bwanji? Mng'ono wathu Kautu akukonzabe njinga zamoto? Palibe mlendo amene wabwera kudzamufunsa?

Pali kanthu kena kakang'ono. Mukalandira makalata ochokera kunja olembedwa dzina la Kautu, musatsegule. Muwaike m'thumba, ndipo mukawayatsira moto ndiye mwachita bwino koposa. Si nkhani ya apolisi, si nkhani ya akazi. Ndi chibwana cha anthu a kuno basi. Munthu akafunsa za bwato la bambo, mumuuze kuti simudziwa bwato lililonse, ngakhale nyanja simunaionepo. Nsanja ikadzuka, Kautu asagwire foni mpaka nditalankhula naye ndekha.

Wina akamabwera kuno mundipatsireko nsomba zouma. Za m'sitolo zimakoma ngati katoni.

Mlongo wanu,
Bwenawa


Nonouti
27 Febuluwale

Mlamu Tiebane,

Moni wa misozi. Sindikubisirani, ndili nanu mawu. Mlongo wanga amwalira, ife n'kumvera kwa alendo?

Lachiwiri ndege inatsitsa matumba atatu a makalata, onse a Kautu. Kautu amene chibadwire sanalandirepo ngakhale khadi ya Khirisimasi. Ena achokera ku Brazil, ena ku Poland, ena kumaiko amene aphunzitsi a Baiteke anachita kuwafufuza pamapu. Aphunzitsiwo ndi amene akutimasulira. Kalata yoyamba inati: "Ndinalira pamene mchimwene wako anatchula dzina lako akutsirizika." Yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yachisanu ndinali nditagwa pamphasa.

Maliro tachita masiku atatu. Chithunzi chake tinachiika pamphasa yatsopano m'maneaba, nyumba yathu ya misonkhano ija, mudzi wonse unasonkhana, nkhumba yanga yaikulu ija yapita. Abusa analalikira bwino, ngakhale anamusokoneza pang'ono ndi Bwenawa wina amene anali kuba kokonati.

Koma pali zimene sindikumvetsa, ndipo mundiyankhe mosabisa. Akuti anafa ndi mkondo wa madzi oundana pachifuwa, pamwamba pa nsanja ya mabelu. Ankatani kumeneko? Bwenawa amaopa ngakhale kukwera mtengo wa kokonati kukatsitsa uchema. Mnyamata wina wa ku Korea walemba kuti wamuona akufa kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo uliwonse amalira. Aphunzitsi akuti mwina ndi Chingelezi cha kumeneko. Nanga chinjoka akuti anapha chija, boma linadziwa?

Ena atumiza zipewa zoluka, wina lupanga la thabwa. Ambiri akuuza Kautu kuti alimbe mtima, katundu amene wamusiyira mchimwene wake ndi wolemera. Katundu wanji? Ngati pali za m'nyumba, tikanakonda wailesi.

Mtembo muli nawo kapena munaika kale?

Mlamu wanu wosweka mtima,
Rotiita


Logan, Brisbane
15 Malichi

Achemwali,

Ndili moyo. Ndi ine Bwenawa ndikulemba, ndi dzanja langa, ndangodya kumene mpunga. Tiebane atawerenga kalata yanu anaseka mpaka anakhala pansi m'khitchini, kenako anandimenya ndi supuni. Zikuoneka kuti kalata yanga ya Febuluwale inatsala ku Tarawa chifukwa ndege inadzaza ndi matumba a Kautu. Pepani za nkhumba.

Tsopano ndifotokoze. Kalata iyi muwerenge nokha.

Zaka khumi ndi chimodzi zapitazo, ndisanayambe za basi, ndinkasesa m'maofesi. M'chipinda china munali achinyamata asanu amene ankapanga gemu ya pakompyuta yotchedwa Chigwa cha Mabelu. Ndi nthano imene munthu amaisewera pagalasi: muli ngwazi ina, Oskeld, imene imapha chinjoka n'kupulumutsa dziko, koma pomaliza imafa. Tsiku lina anandimva ndikutsokomola, akuti mawu anga ndi a mfumu. Anandiimika pa maikolofoni n'kundipempha kuti ndinene chilichonse m'chinenero chimene palibe angachimve, ngati munthu amene akutsirizika.

Unali mwezi umene tinaika bambo. M'mawa womwewo munali mutandiimbira kuti abale agwirizana zopereka bwato la bambo kwa Kautu. Ndiye ndinatseka maso n'kunena m'chinenero chathu zimene zinali pamtima: "Musam'patse Kautu bwato, alimiza."

Anawakoka mawuwo kuti amveke aulemu, anaika ng'oma pansi pake, ine n'kubwerera kukakolopa. Ndinaiwala.

Achemwali, gemuyo inatchuka. Anthu mamiliyoni aisewera. Ndipo kwa zaka zonsezi akhala akukangana pa intaneti kuti Oskeld ananena chiyani. M'nthanomo Oskeld amasiya ana atatu ndi lupanga limodzi, ndiye ena ankati akutchula mwana woyenera kulisenza, ena ankati akutemberera aliyense wolikhudza, pakuti mwana wa ngwazi sakhalanso ndi moyo wakewake, amangokhala mthunzi wa bambo ake. Mayi wina wa ku Canada analemba masamba mazana awiri pa mawu akuti "Kautu" okha, akuti amatanthauza "iye amene atsala ndi moto". Alipo amene anadzilembetsa mawu onsewo pakhungu ndi singano.

Mu Januwale, Nei Taabwi, mwana wa akatekisiti aja, amene amagwira ntchito kunyumba yosungira okalamba ku Toowoomba, anamva foni ya nesi mnzake ikulira ndi mawu amenewa. Akuti anagwetsa thireyi ya tiyi. Anawamasulira, anauza anthu a gemu pa intaneti kuti mawuwo ndi anga, kuti Kautu ndi munthu weniweni, ndi dzina la chilumba lomwe. Pakamwa pa banja limenelo mukupadziwa.

Ndinkaganiza kuti akamva tanthauzo achita manyazi n'kusiya. Ayi ndithu. Afufuza nkhani ya bambo, kuti anatayika panyanja masiku makumi asanu ndi awiri n'kubweza anthu anayi amoyo, ndipo akuti zonse zikugwirizana: bwato ndiye lupanga, Kautu ndiye mwana wa ngwazi. Tsopano akukangana ngati ayenera kupatsidwa kapena ayi.

Ndikupemphani, Kautu asamve mawu amenewa. Mungomuuza kuti ndili moyo.

Mlongo wanu wamoyo,
Bwenawa


Nonouti
9 Epulo

Bwenawa iwe,

Tili bwino, ndipo takondwa kuti sunafe, ngakhale ena akuti ukanangofa pang'ono chifukwa cha nkhumba.

Chinthu ukafuna munthu awerenge yekha, uzilemba pamwamba penipeni, osati pambuyo pa mpunga. Kalata yako inafika Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi. Nditaona "Ndili moyo" ndinathamangira m'maneaba ndi bondo langali, n'kupatsa aphunzitsi a Baiteke kuti awerengere anthu onse amene anakulira. Ukuwadziwa aphunzitsi, akayamba kuwerenga saima. Mzere woti ndiwerenge ndekha anauwerenganso mokweza. Atafika pa mawu ako aja anawatchula kawiri, kachiwiriko ndi mawu a munthu wakufa, kuti anthu amve mmene zinalili.

Anthu anaseka mpaka ana analira. Kautu anali atakhala pafupi ndi mzati, atavala chipewa choluka cha ku Poland, pakuti masiku onsewa ankayenda monyadira kuti mchimwene wake anamukumbukira pa imfa. Sanaseke. Anavula chipewacho, anachipinda bwinobwino, n'kutuluka.

Tsopano mawu ako ali paliponse. Mwana akapempha kapu, amake amati musam'patse Kautu bwato. Achinyamata akumuyankha choncho akawafunsa sipanala. Dzulo wina anaiuza nkhumba imene inkafuna kulowa m'munda.

Makalata akubwerabe. Ndipo amuna a kuno, m'malo mopita kunyanja, akukhala m'maneaba kumvetsera aphunzitsi akuwerenga maganizo a anthu a gemu. Agawikana. Amene akuti mwana wamkulu wa Oskeld ndi wamantha sakupatsana fodya ndi amene akuti ndi wanzeru. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anaionapo gemuyo.

Kautu sakudya kwathu. Lembera mng'ono wako.

Rotiita


Nonouti
20 Epulo

Achimwene,

Moni. Ndamva kuti muli moyo. Ndinakulirani kwambiri, ndinaleka ntchito masiku atatu, njinga ya anesi inagona panja yopanda tayala.

Sindinadziwe kuti mumandiganizira chonchi. Kapena ndinkadziwa, koma sindinadziwe kuti ku Brazil akudziwanso.

Ndikuuzeni zimene simunafunsepo. Bwato lili m'shedi momwe bambo analisiya. Chilandirireni sindinaliikepo m'madzi. Anthu amati ndikulisunga mwaulemu. Zoona zake n'zakuti ndimaliopa. Ndikangodutsa pamatanthwe kulowa nyanja yaikulu ndimasanza, mukudziwa, munkandiseka tili ana. Koma aliyense akandiona amati uyo mwana wa Ioteba, magazi a panyanja. Pachikondwerero chilichonse akaimba nyimbo ya bambo amandiyang'ana ine, ngati kuti mawa ndipita kukatayika nanenso masiku makumi asanu ndi awiri kuti nyimbo ipeze ndime ina. Ine ndimadziwa kumasula injini ya njinga ndi maso otseka. Palibe amene anapekapo nyimbo ya injini.

Chaka chilichonse ndimalipaka mafuta, ndimasintha zingwe, ndimathamangitsa chiswe. Nkhuku za achemwali zimaikiramo mazira. Ndi ntchito yokhayo imene lagwira.

Inu ndinu wamkulu. Ngati munkaona kuti ndilimiza, bwanji simunabwere kudzalitenga? Munaika bambo Lachinayi, Loweruka munali m'ndege.

Makalata a anthu aja ndimawerengabe, aphunzitsi akundiphunzitsa mawu ovuta. Mtsikana wina wa ku Chile akuti bambo ake anali dokotala wotchuka, iye amaphika makeke, ndipo akasewera gemu ija amaima pakhomo pa nsanja osalowa, kuti Oskeld asafe. Wina akuti ndine chitsiru, ndisalikhudze. Koma ambiri akuti ndikhoza. Kuno kumudzi sindinamvepo munthu akunena kuti ndikhoza. Amangoti ndiyenera.

Mng'ono wanu,
Kautu


Logan, Brisbane
8 Meyi

Kautu mng'ono wanga,

Moni. Ndikhulupirira njinga ya anesi inapeza tayala.

Kalata yako ndaiwerenga kangapo ndili podikira nthawi ya basi. Usamve mawu aja monga amvekera. Pali bambo wina wa ku Norway amene wafotokoza bwino kwambiri pa intaneti, ndipo anthu zikwi zambiri agwirizana naye. Akuti Oskeld sankanyoza mwana wake, ankamuteteza. Akuti munthu amene wasenza dzina lalikulu amadziwa kulemera kwake, ndiye amanena mawu owawa dala kuti wokondedwa wake asalisenze. Akuti ndi chikondi chobisika m'chipongwe. Nditawerenga ndinazindikira kuti n'zimene ndinkatanthauza. Ndakusindikizira masamba ake khumi ndi awiri, ali m'envulopu momwemu, pamene pali pofunika ndadula mzere.

Achinyamata a gemu aja, amene tsopano ali ndi madazi, andiitana. Akupanga gawo lachiwiri, ndipo akufuna mwana wa Oskeld adzatchedwe Kautu. Akufunsa ngati ungalole, komanso ngati uli ndi ndevu.

Ndamvanso kuti mayi wina wa ku Adelaide, dokotala wa mano, wagula tikiti yobwera kumeneko kudzaona bwato ndi maso ake. Sindinamutume ine. Mumulandire bwino koma musamuonetse nkhuku.

Mchimwene wako,
Bwenawa


Nonouti
2 Juni

Bwenawa,

Tili bwino. Masamba ako a ku Norway Kautu wakulungira mabawuti. Iwe ungamunamize mwana uja, koma ine ndinakubereka kumsana. Tsiku lija ndikukuimbira unafunsa kawiri kuti "Kautu? Kautu wathuyu?" n'kudula foni. Chimenecho ku Norway amachitcha chikondi? Kuno timati nsanje.

Dokotala wako wa mano anafika. Dzina lake Philippa, wamtali, wofiira ndi dzuwa, mawu ako aja analembedwa kuchokera paphewa mpaka pachigongono, ndipo molakwika, moti pamkono pake akunena kuti tisam'patse Kautu mphaka. Sitinamuuze. Ndi munthu wabwino, wazula mano khumi ndi limodzi kwaulere.

Titamutsegulira shedi analira. Anagwada, n'kusisita bwato, nkhuku ikumuyang'ana. Kenako anafotokozera Kautu maganizo ake kwa ola lathunthu, aphunzitsi akumasulira: akuti lupanga silisankha munthu, akuti belu lachitatu likuimira kukana, zambirimbiri. Kautu anangomvetsera. Atamaliza, Kautu anamufunsa ngati amadziwa kukapa madzi. Anati ayi. Anamupatsa chigubu chodula n'kumuuza kuti aphunzirira m'njira.

Lachisanu m'mawa amuna khumi ndi awiri analinyamula bwato lija. Mudzi wonse unali pagombe, a mbali zonse ziwiri za mkangano wa Oskeld, abusa atanyamula buku la nyimbo lotsegula pakati, pakuti sankadziwa ngati pafunika ya chiyamiko kapena ya maliro. Ine ndinakwera nawo. Ndinati akamira amire ndi wachibale.

Linayandama, Bwenawa. Zingwe zonse zatsopano, thanga lopanda bowo. Mphepo italigwira linathamanga ngati masiku a bambo, ndipo ndinayang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga. Titangodutsa pamatanthwe Kautu anayamba kusanza. Philippa naye anayamba. Ankasinthana, wina kumanja wina kumanzere, koma Kautu sanasiye nkhafi yowongolera. Anali wotuwa ngati ufa, maso ali pa thanga. Pakati pa kusanzako anatembenuka n'kundifunsa:

"Achemwali, bambo ankachita bwanji kuti asaope?"

Ndinamuuza zimene ndikudziwa, poti ndine ndinkawachapira. Bambo atabwerera ku masiku awo aja sanadutsenso pamatanthwe. Ankati bondo, ankati mphepo si yabwino, ankaweza pafupi ndi gombe mpaka imfa yawo. Nyimbo yawo ikayamba m'maneaba ankapita kukakodza. Inu anyamata simunkaona chifukwa munali otanganidwa ndi kuimba.

Kautu anasanzanso kamodzi, n'kutembenuza bwato. Tinagwira nsomba imodzi, yaing'ono, ndipo Philippa akufuna kuiumitsa apite nayo kwawo.

Rotiita


Logan, Brisbane
19 Juni

Kautu,

Moni mng'ono wanga. Ndamva za ulendo wako.

Za ku Norway zija zinali bodza. Sindinkakuteteza. Ndinkafuna bwatolo likhale langa, osati kuti ndiliyendetse, koma kuti anthu anene kuti lapita kwa mwana wamkulu wamwamuna. Ndipo akanandipatsa ndikanathawabe Loweruka lomwelo. Ndinachoka kumudzi chifukwa kuno palibe amene amadziwa Ioteba. Ndimayendetsa basi nambala imodzimodzi, ndimaima pomwe pali chikwangwani, palibe amene amayembekeza kuti ndipulumutse munthu. Ndinakusiyira nyimbo yonse uisenze wekha, n'kukunyozanso pamwamba.

Achinyamata a gemu ndawauza kuti dzina lako si langa loti ndipereke. Akafuna alembere iwe.

Ndalakwa. Sindikudziwa kuti mawu amenewa amalembedwa motalika bwanji, ndiye ndasiyira pomwepa.

Mchimwene wako,
Bwenawa


Nonouti
14 Julayi

Achimwene,

Moni. Tili bwino, achemwali bondo likuwavutabe koma pakamwa pali bwino.

Nsanja ya mafoni inadzuka sabata yatha. Ndinaona mwaimba kanayi. Sindinayankhe dala, ndinafuna mudikire ndege ngati mmene ndinadikirira ine.

Bwato ndalipereka kwa amayi a m'bungwe la kokonati. Akulitumiza kutsidya kawiri pa sabata ndi matumba, pobwera limatenga nkhumba, malata, ndi aliyense wofuna kupita kuchipatala. Akuyendetsa ndi mwamuna wa anesi, amene sasanza. Ine ndimalikonza likabwera, basi. Likununkha ndowe ndipo lapalika mbali imodzi. Akuluakulu ena anadandaula kuti bwato la Ioteba silinganyamule nkhumba, koma nkhumba yoyamba kukwera inali ya mmodzi wa iwo, ndiye nkhani inathera pomwepo.

Philippa anaika zithunzi pa intaneti. Anthu a gemu akwiya kwambiri. Akuti si mathero oyenera, akuti mwana wa ngwazi ayenera kupambana kapena kufa, sangangobwereketsa. Mayi wa ku Canada uja wayamba masamba ena ofotokoza tanthauzo la nkhumba. Ndasiya kuwerenga, kupatula za mtsikana wa makeke, amene ndamuyankha. Achinyamata anu a madazi ndawauza kuti dzina atenge, bola Kautu wawoyo akhale ndi ntchito yamanja.

Kalata yanu yomaliza sindinapatse aphunzitsi. Ndinawerenga ndekha, m'shedi, mmene tsopano muli malo ambiri moti ndasamutsiramo njinga.

Sindikunamizani kuti ndakhululuka zonse. Ndakhululuka theka. Theka linalo silikwera ndege, mudzalitenge nokha pa Khirisimasi. Mukatsika mudzakwera bwato kuchokera kutsidya, ndakusungirani malo pakati pa matumba, ndipo mubwere ndi zovala zoti zingade.

Mng'ono wanu,
Kautu